Munthu wa Pakona ya Chithunzi

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndinagwira ntchito m'chipinda chamdima pa chipatala china kuno ku Senanga, kutsuka zithunzi za mafupa ndi zifuwa za odwala. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti sindine mayi woona chitsa n'kuthawa akukuwa kuti mzukwa. Filimu ndimaidziwa. Banga lobwera ndi mankhwala okalamba ndimalidziwa, mzere wa chikhadabo ndimaudziwa, ngakhale kuwala kukalowa mwakuba ndimaona pomwe kwadzera. Zimene ndikuuzenizi si banga ayi. Tinali anthu atatu: ine Sibeso, alamu anga Bo Liswaniso, ndi Bo Kalaluka wopalasa bwato, amene akadali moyo kufupi ndi doko. Mukhoza kukawafunsa, koma muwapeze m'mawa asanalawe kanthu.

Bo Liswaniso (kwathu kuno Bo ndi mawu aulemu, ngati A) ndiwo anali wojambula wa tauni yonse. Kachipinda kawo kanali kuseri kwa msika, ndipo zithunzi za pa zitupa ndi za maukwati ndizo zinkadyetsa banja. Koma mtima wawo unali ku Zambezi. Anali ndi kamera yakale yooneka ngati kabokosi, ya maso awiri, lina pamwamba lina pansi. Sumaiika pamaso ayi. Umaikhazika pa miyendo yake itatu, n'kutsekula kachivindikiro ka pamwamba, n'kuwerama kusuzumira ngati ukuyang'ana m'chitsime, ndipo mtsinje wonse umaupeza uli m'kagalasi. Filimu yake ndi yotambalala, imatha ndi zithunzi khumi ndi ziwiri zokha. Ankati makamera ang'onoang'ono aja ndi a ana asukulu, yawoyo ndiyo imagwira bango lililonse palokha.

Anali ndi lamulo lawo limodzi alamu angawo. Ankati mtsinje wopanda munthu ndi madzi a m'beseni, palibe angadziwe kukula kwake. Pamafunika munthu pakona ya m'munsi, wamng'ono, ataima chilili kuyang'ana madzi. Ndipo asayang'ane kamera, chifukwa munthu akangoonetsa nkhope, oona chithunzi amausiya mtsinje n'kuyamba kufunsa kuti ameneyu ndi mwana wa yani. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi munthu wa pakonayo anali achemwali anga, Nalishebo.

Ankawadzutsa tambala asanalire, kuzizire kusazizire. Achemwali ankavala musisi wawo, siketi yotambalala ija, chifukwa akuti inkakoma pa mchenga, n'kukaima patsinde pa mkuyu udzudzu ukuwadya miyendo. Amuna awo chiweramire, kudikira kuti nkhungu iyalule tsidya lija, kudikira bwato lidutse, kudikira dzuwa lifike pamene akulifuna.

Ine ndinkawaseka. "Alamu, kodi munakwatira mkazi kapena munagula mzati?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu," ankayankha choncho osadzutsa mutu.

Achemwali ankayankhira komweko, osatembenuka: "Nkhono yanuyo tsiku idzatulutse maso ndidzaikazinga."

Anamwalira mu Okotobala 1990, matenda a m'chifuwa. Chithunzi cha chifuwacho ndinatsuka ndine, ndipo nditachiika pa nyale ndinadziwa dokotala asananene kanthu.

Maliro atatha, mwana wawo mmodzi yekhayo, Pumulo, amene amagwira ntchito ku Ndola, anapempha chithunzi cha mayi ake kuti apite nacho. Bambo ake anati zimenezo n'zosavuta, m'nyumba ya wojambula muno. Anatsitsa makatoni. Tinakhala pa mphasa atatufe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Zambezi wa chilimwe, Zambezi atasefukira, Zambezi wa nkhungu, ng'ombe zikuwoloka. Ndipo pakona, achemwali anga. Msana. Msana ali mtsikana, msana ali ndi pakati, msana utayamba kuwerama. Cha ukwati panalibe, chifukwa wojambula wa tauni yonse tsiku limenelo anali mkwati. Kachithunzi ka pa chitupa kanali katafufutika ndi madzi a chigumula kalekale. Chithunzi chokha chimene achemwali anajambulitsa atayang'ana kutsogolo chinali cha nthiti chija.

Pumulo anafunsa motsitsa mawu. "Bambo, zaka zonsezi simunawauzepo n'kamodzi komwe kuti atembenuke?"

Bo Liswaniso anayamba kubwezera zithunzi zija m'makatoni. Mwanayo anakwera basi m'mawa mwake chimanjamanja, ndipo makalata ake anayamba kubwera patalipatali.

Nyumba ija inachita zii. Kachipinda ka kumsika anakatseka, poti anthu anali atayamba kufuna zithunzi zamitundu zotsukidwa ku Lusaka. Loweruka lililonse ndinkawapititsira mkaka wowawasa ndi nsomba zouma, n'kupeza za sabata yatha zili pomwepo. Ine ndemwe ndinali ndekha, amuna anga anatisiya kale, choncho tinkangokhala pakhonde nkhalamba ziwiri, kuyang'ana mbuzi za eni. Ndinkayesa kuwaputa monga kale koma nthabwala zinkangogwera pansi.

Tsiku lina mu Meyi anati, "Alamu, nkhope ikundithawa."

"Nkhope ya ndani?"

"Ya mkazi wanga. Msana ndikhoza kuujambula ndi chala pa mchenga. Koma ndikatseka maso kuti ndione mphuno, pakamwa, palibe chimene chikubwera. Tandiuzani, ankaoneka bwanji?"

Ndinayesa. Ndinati anali ndi maso aakulu, anali woderapo. Nditamva mawu angawo ndinachita manyazi, chifukwa ndinali nditafotokoza theka la amayi a mumsika. Nkhope yanga sikanawathandiza, ine ndinatengera bambo, achemwali anatengera mayi. Ndinabwerera kwathu ndili wokwiya, osadziwa kuti ndakwiyira ndani.

Mu Juni, kuzizira kutafika, anayambanso kupita kumtsinje. Ndinakondwera, ndinati bola akutuluka m'nyumba. Kenaka anandibweretsera filimu imodzi itakulungidwa m'kansalu, poti mankhwala awo anali atatha.

"Mutsuke nokha. Pasakhale wina."

Ndinaitsuka masana, odwala atachepa. Nditaikweza pa nyale ndinawerenga timabwalo khumi ndi tiwiri. Mtsinje, nkhungu, mkuyu uja. Ndipo pakona ya m'munsi, pa chilichonse, panali mayi wovala musisi atayang'ana madzi.

Sindinaope, ndinapsa mtima. Ndinapita kwawo ndikutukwana njira yonse.

"Alamu, mwakalamba tsopano. Mwatenga filimu yakale n'kujambulapo kachiwiri."

"Tayang'anani nthambiyo," anatero.

Nthambi yaikulu ya mkuyu uja inathyoka ndi mphepo mu Januwale, achemwali atagona m'manda miyezi itatu. Pa chithunzipo inali ili pansi, ndipo mayiyo anaima kutsogolo kwake. Ukajambula kawiri pa filimu imodzi, zinthu zimaonekerana, nthambi ikanaoneka kudzera m'siketi. Apa siketi inaphimba nthambi bwinobwino, monga momwe nsalu imaphimbira mtengo.

"Mwalemba ganyu mkazi wina kuti aziima pamenepo?"

"Bwerani mawa mudzamuone."

Ndinapita. Tinafika kukungoyera kum'mawa. Kunkazizira mpaka mano kuwawa. Nkhungu inagona pa madzi, tsidya osaoneka. Achule ankalira m'mabango, ndipo kutali mvuu inkafwenthera. Kunkamveka fungo la utsi wa asodzi owamba nsomba. Patsinde pa mkuyu panali mchenga wokhawokha, wosalala, wopanda phazi la munthu.

Anakhazika miyendo itatu ija. Anasuntha pang'ono kumanja, n'kutsitsa, n'kusunthanso, monga ankachitira kale, mpaka mtsinje unakhala momwe ankaufunira. Pakona anasiyapo malo. Tinadikira.

Achule anasiya. Sanasiye mmodzimmodzi, anasiyira limodzi.

Utsi uja sunamvekenso. Kunabwera fungo lina, la matope a pansi pa mtsinje, aja amatuluka nkhafi ikavundula.

"Suzumirani," ananong'ona.

Ndinawerama.

Analipo. Duku lake, mapewa ake, manja atawagwira kumbuyo monga ankachitira achemwali akatopa. Musisi unkagwedera pang'ono. Kunalibe mphepo.

Ndinadzutsa mutu. Mchenga.

Ndinaweramanso. Analipo.

Ndinafuna kuthawa. Koma ndine munthu wa makani, ndipo anali achemwali anga. Maso ali m'galasi momwemo, ndinaitana.

"Achemwali."

Mutu unapendekeka pang'ono, ngati munthu amene wamva dzina n'kumaganiza ngati lili lake. Sanatembenuke.

Dzuwa litatuluka m'galasi munatsala mtsinje wokha, ndipo achule anayambiranso. Ndinakhala pansi pa mchenga wonyowawo.

Pobwerera anandiuza kuti anali atayesa zonse. Kumuitana, kumupempha, kumuimbira nyimbo ya kutchalitchi imene ankaikonda. Anayesa kuika kamera cha kumtunda, anayesa cha kumunsi, koma gombe pamenepo ndi lokhota, ndipo kulikonse ankangoona msana ndi kakhutu. Tsono anali ataganiza. Munthuyo amayang'ana madzi. Wofuna nkhope yake akaime m'madzimo. Madzi anali akuphwa, ndipo moyang'anana ndi mkuyu munali mutayamba kuoneka kachulu ka mchenga pansi pa madzi, poti munthu akhoza kuimapo.

"Mwapenga," ndinatero. "Pamenepo ndi pogona ng'ona. Ndiponso tamverani, achemwali anafera pa bedi, ine ndili pomwepo. Kumtsinje kuno ankadana nako, ankabwera chifukwa cha inu. Munthu wapuma kale abwerere kudzadyedwa ndi udzudzu?"

Anaima m'njira, miyendo ya kamera ili paphewa.

"Nanga akandidikirire kuti, alamu? Kwina konse sindinkamuyang'ana."

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndiponso ndinali ndi mantha, ndipo mantha ndiwo anapambana. Tsiku limene anapita ine sindinapite. Zotsatirazi anandiuza ndi Bo Kalaluka, amene anawapalasa, ndipo zaka zonsezi sanasinthepo mawu ngakhale amodzi, aledzere asaledzere.

Akuti anawatsitsa pa kachulu kaja kusanayere bwino. Madzi ankafika m'ntchafu. Bo Liswaniso anazika miyendo ya kamera mu mchenga, msana kumtsinje, maso kugombe. Bo Kalaluka anaima m'bwato chapafupi, nkhafi ili m'manja, kuyang'anira ng'ona.

"Akulu, fulumirani, ine ana anga akadali aang'ono," anawauza choncho.

Kenaka achule anasiya.

Pagombe Bo Kalaluka sanaonepo munthu. Anangomva kamera ikuti tche, n'kupukusidwa, tche, n'kupukusidwa. Bo Liswaniso ankayankhula motsitsa, mawu a munthu wonyengerera mwana.

"Eya. Choncho. Kweza chibwano pang'ono."

Madzi a pakati pa gombe ndi kachulu anali bata. Ndiye panayamba timizere. Tinkachokera kugombe. Tinkabwera pang'onopang'ono, monga zimakhalira munthu akamayenda m'madzi mosafuna kunyowetsa chovala.

Tche.

Timizere tinayandikira.

Tche.

Timizere tija tinafika pa miyendo ya kamera n'kuima.

"Mwetulirako," anatero Bo Liswaniso.

Bo Kalaluka akuti anamva kuseka kwa mkazi, kwapansipansi. Sikunachokere kutsogolo kwa kamera. Kunachokera pansi pa bwato lawo.

Sakumbuka kuti anawakweza bwanji akuluwo. Akuti anangowagwira kolala, kamera ndi miyendo yake yomwe, n'kupalasa osacheuka mpaka padoko.

Cha m'ma teni koloko Bo Liswaniso anandipeza kuchipatala, buluku lili matope okhaokha, nkhope ikuwala ngati ya mkwati.

"Wandiyang'ana, alamu. Wandiyang'ana ndithu. Koma m'kagalasi muja munali mdima, sindinaone bwino. Tsukani."

Ndinawakhazika pa benchi pamodzi ndi odwala chifuwa, n'kutseka chitseko.

Timabwalo khumi ndi tiwiri. Pa koyamba mayiyo anali kutali, patsinde pa mkuyu, atayang'ana kuno. Pa kachitatu anali m'mphepete mwa madzi. Pa kachisanu ndi chimodzi madzi anali m'mawondo. Pa komaliza munalibe mtsinje, munalibe mkuyu. Nkhope yokha, yodzaza bwalo lonse.

Pa filimu chakuda chimaoneka choyera, choyera chakuda, moti ngakhale mayi ako sungawazindikire. Ubwino wa filimu yotambalala ndi woti sulira makina okulitsira. Umangoigoneka pa pepala, n'kuyatsa nyale kamphindi. Ndinatero, n'kuviika pepalalo m'mbale ya mankhwala, pansi pa kanyale kofiira.

Kunayamba kubwera maso. Kenaka mphuno. Kenaka pakamwa.

Achemwali anga anali ndi chipsera pamwamba pa diso. Ndinawagenda ndine ndi mwala tili ana, tikulimbirana mango. Anali ndi mpata pakati pa mano, ndipo sankatha kumwetulira osauonetsa. Mphuno inali yotambalala, ya mayi athu. Anamwalira ali ndi makwinya a zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu.

Nkhope ya m'mbalemo inali yosalala. Yopanda chipsera, yopanda khwinya. Sungati ndi mtsikana, sungati ndi nkhalamba. Inkamwetulira milomo ili yotseka. Maso sankayang'ana diso la pansi, limene limajambula. Ankayang'ana la pamwamba, limene wojambula amaonera.

Duku linali la achemwali. Munthuyo sindinamuonepo chibadwire.

M'chipindamo munkanunkha matope.

Anagogoda. "Alamu? Zatheka?"

Ndinaganiza zong'amba. Ndinaganiza zonena kuti filimu yapsa, zimachitika. Koma ndinadziwa kuti ndikatero mawa lomwe adzakaimanso m'madzi muja, Bo Kalaluka akane asakane. Ndinatsukuluza pepalalo n'kutuluka nalo likudontha.

Analilandira ndi manja awiri. Anayang'ana nthawi yaitali, odwala a pa benchi akusuzumira nawo. Ndinkadikira kuti akuwe, kapena aliponye pansi. Sanatero. Anadzutsa maso n'kundiyang'ana ngati mwana wasukulu amene sakudziwa ngati wakhoza.

"Ndi iyeyu, eti alamu?"

Sankadziwa. Munthu anagona naye mphasa imodzi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ankafunsa ine.

Ndinaona nkhalamba yowonda, kolala yong'ambika, mapazi otuwa ndi kuzizira. Ndinaona kuti ndikati ayi ndamupha.

"Ndi iwowo," ndinatero.

Analira pomwepo, pamaso pa anthu. "Ndinaiwala," ankatero, "ndinaiwala kuti anali wokongola chonchi."

Kumtsinje sanapitenso. Kamera anaitsekera m'bokosi. Anayamba kudya, masaya anabwerera, nthabwala zanga anayambanso kuzibweza. Chithunzicho anachikulitsa, n'kuchiika m'galasi, n'kuchipachika pabalaza. Ndikapita Loweruka ndinkawapeza akuchiuza nkhani za kumsika. Ine ndinkakhala pakhonde, m'nyumbamo ndinasiya kulowa, ndipo sanandifunsepo chifukwa chake. Anakhala zaka zina zinayi, n'kumwalira mwamtendere ali mtulo.

Pa maliro awo ndi pamene ndinaona zimene zimandisautsa kuposa za kumtsinje. Pumulo atafika analowa pabalaza, n'kuima patsogolo pa chithunzicho. Ndinali kumbuyo kwake, kudikira. Ndinati mwana sangasokoneze mayi ake. Anachiyang'ana, anachiyang'ana, kenaka anagwira galasilo ndi dzanja.

"Amayi," anatero, misozi ili chuchuchu. "Bambo anachipeza kuti?"

Amayi a mumpingo, amene anaimba nawo kwaya imodzi zaka zonse zija, ankadutsa mmodzimmodzi akupukusa mitu. "Ee, Bo Nalishebo enieni. Taonani kumwetulirako." Palibe anafunsa za chipsera. Bo Kalaluka okha ndiwo anakana kulowa, anakhala panja pansi pa mtengo wa mango atafulatira khomo.

Pumulo anapita nacho ku Ndola. Ndikumva kuti chili pamwamba pa wailesi ya kanema, ndipo ana ake amachilozera alendo kuti awa ndi agogo athu. Wamng'ono anamutcha Nalishebo, ndipo akuti anthu amanena kuti akufanana nacho.

Amene anaima m'madzi uja sindikumudziwa, ndipo chimene ankafuna sindikuchidziwa. Sanatenge munthu, sanadwalitse munthu. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti bodza langa silinapweteke aliyense, ndiponso kuti bola ine ndilipo, nkhope yeniyeni ya achemwali ili ndi pokhala.

Chaka chathachi ndinakhala pakhonde ndekha, n'kuyesa kukumbuka kuti chipsera chija chinali diso liti, lamanja kapena lamanzere. Mwalawo ndinaponya ndine, koma sindikudziwanso. Masiku ano ndikatseka maso n'kuitana kuti achemwali, amatembenuka msanga, osavuta. Koma wotembenukayo ndi uja.